Kuotha mu kalavani sinowo akagwa ku Alberta: gasi, magetsi, dizilo kapena nkhuni?

Chaka chilichonse ikamafika Seputembala pamapezeka m'bale wathu wina amene watopa ndi lendi ya ku Calgary kapena ku Edmonton, mizinda ya m'chigawo cha Alberta kuno ku Canada. Waona kalavani yotsika mtengo pa Kijiji, tsamba la pa intaneti logulitsirapo katundu, wawerengetsa kuti akaigula ndalama ya lendi izipita kumudzi kukakhoma malata, ndipo masamu akewo amayenda bwino ndithu mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Ine ndakhala nyengo ziwiri zozizira mu kalavani ya mamita 9, ija yochita kukokedwa ndi galimoto, pamalo ena oimikapo ma RV (dzina la kuno la makalavani ndi magalimoto ogonamo) kunja kwa Edmonton. Anthu akamva zimenezi safunsa za chimbudzi kapena kosamba. Amangoti, "Achimwene, nanga mumaotha chiyani?"

Njira zimene anthu amagwiritsadi ntchito kuno zilipo zisanu: furnace, yomwe ndi hita yaikulu ya gasi imene imabwera ndi kalavaniyo, mahita a magetsi, hita ya dizilo, chitofu cha nkhuni, ndi kahita ka gasi kopanda chumuni. Musanasankhe, dziwani kuti wofunika moto kwambiri mu kalavani si inu ayi. Inu mutha kuvala majuzi atatu n'kufunda mabulangete awiri. Amene sangavale juzi ndi mapaipi ndi matanki a madzi amene ali kunsi, pansi pa pamene mumapondapo. Amenewo akaundana, nyumba yatha.

Zimene ndikuyesera njira iliyonse

Makalavani ambiri a kuno amapangidwa ku Elkhart m'chigawo cha Indiana, ndipo amapangidwira anthu okacheza kunyanja m'chilimwe. Khoma lake ndi la masentimita asanu kapena kuchepera, mawindo ambiri ndi a galasi limodzi. Zomata zija zolembedwa kuti "four season" kapena "arctic package" musaziwerengere kwenikweni, chifukwa palibe lamulo lonena kuti kalavani izipirira kuzizira kotani kuti imatidwe mawu amenewo. Kampani iliyonse imadziikira yokha.

Choncho pa njira iliyonse ndikuyang'ana zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo ndikunena wa mwezi ndi mwezi, osati wogulira wokha. Chachiwiri ndi kupezeka kwa chipangizocho ndi mafuta ake pamene kunja kuli −30°C ndipo misewu yatsekeka. Chachitatu ndi ntchito yochisamalira. Chachinayi ndi zoopsa zake. M'kati mwa zinayi zimenezi muli mafunso atatu amene ndimabwerezabwereza: kodi kutenthako kukufika kumapaipi? Kodi magetsi akathima chipitiriza kuyaka? Kodi chikuwonjezera chinyezi m'kati kapena chikuchotsa?

Masamu onse a m'munsimu akuganizira kuti kalavani yanu mwaiveka kale siketi. Eni dziko amati skirting: kutseka mpata wonse wa pakati pa kalavani ndi nthaka kuti mphepo isamadutse kunsi. Ambiri amadula matabwa a foam olimba aja n'kumata ndi tepi, ena amasoketsa lona wokhuthala. Mitolo ya udzu wouma imatsekanso bwino, koma imaitana mbewa ndipo siichedwa kugwira moto, n'chifukwa chake malo ambiri amaikana. Popanda siketi, hita iliyonse imene mungagule ikhala ikutenthetsa dziko la Canada.

1. Furnace ya gasi wa propane

Iyi ndi imene mumaipeza kale m'kalavani, nthawi zambiri ya kampani ya Suburban kapena ya Atwood. Imayatsa gasi m'kachipinda kotseka, utsi umatulukira panja, ndipo fani imakankhira mpweya wotentha m'mapaipi a pansi. M'makalavani amene kunsi kwake n'kotseka, paipi imodzi imapita kumatanki a madzi. Ubwino wake waukulu ndi umenewo, ndipo palibe njira ina mwa zisanuzi imene imachita zimenezo yokha popanda inu kukonza.

*Mtengo.* Yogulira palibe, koma imadya gasi ngati ilibe mawa. Furnace ya 30,000 BTU (muyeso wa mphamvu ya moto wake) ikamayaka osapuma imatha silinda ya mapaundi 20, yomwe ndi makilogalamu 9, m'maola pafupifupi 14. Makalavani ambiri amakhala ndi masilinda awiri a mapaundi 30 kutsogolo, ndiye onse pamodzi ndi maola 40 ndi pang'ono a moto. Kukazizira pang'ono furnace imapumira ndipo amatha kukufikitsani sabata. Kukafika −30°C siipuma kwenikweni, masiku awiri kapena atatu atha. Kumbukiraninso kuti gawo lina la kutenthako, mwina limodzi mwa magawo anayi, limatuluka ndi utsi. Imani pafupi ndi potulukira utsi panja, muona nokha ndalama zanu zikusungunula sinowo.

*Kupezeka.* Gasi amapezeka paliponse, vuto ndi kunyamula. Kumasula silinda ndi zala zouma 5 koloko m'mawa n'kuthamangira kokathiritsa si moyo woti munthu angaupirire miyezi isanu. Amene akhalitsa amabwereka thanki yaikulu ya mapaundi 420 ku makampani a gasi monga Superior Propane, galimoto ya kampaniyo n'kumabwera kudzathira pomwepo. Gasi wa m'thanki yaikulu amatsikanso mtengo pa lita kuyerekeza ndi wa m'masilinda osinthitsa pa filing'i siteshoni.

Pali chifukwa china chobwerekera thanki yaikulu chimene sindinkachidziwa. Propane m'silinda amakhala wamadzimadzi, ndipo amasanduka mpweya pokhapokha kutentha kukhale pamwamba pa −42°C. Kukamayandikira pamenepo mphamvu yake imachepa, makamaka m'silinda yaing'ono imene yatsala pang'ono kutha. Mu Januwale 2024 dera la Edmonton linatsika kupitirira −40°C. Usiku wina furnace yanga inkayaka, kuzima, kuyakanso, koma silinda ndikaigwedeza gasi alimo. Mnansi wanga wa thanki yaikulu anagona tulo take bwinobwino. Alipo mabulangete a magetsi opangidwira kukulunga silinda. Koma musayerekeze kuiwotha ndi lawi la moto wa mtundu uliwonse.

*Kusamalira.* Ntchito yake si yambiri: kupukuta fumbi, kuonetsa kwa katswiri kamodzi pachaka, ndi kufosholo sinowo pamalo potulukira utsi nthawi iliyonse akagwa. Chimene chimagwetsa anthu ndi batire. Fani ya furnace imayendera batire la 12V ndipo imakoka ma amp 7 mpaka 10. Magetsi a pamalopo akathima, batire limodzi wamba limakufikitsani usiku umodzi basi, pena osafika n'komwe chifukwa batire likazizidwa limafooka. Fani ikayamba kuzungulira mofooka, kaswitchi kena ka m'kati kamakana kuti gasi ayake, ndiye mumangomva mphepo yozizira ikuuzira. Amene muli ndi mabatire a lithium dziwani kuti satchajidwa kukakhala pansi pa 0°C, pokhapokha akhale aja okhala ndi hita yawoyawo kapena muwasunge m'kati.

*Zoopsa.* Gasi wotayikira ndi wolemera kuposa mpweya, amakhazikika pansi, n'chifukwa chake alamu yake imakhala m'munsi mwa khoma. Sinowo akatseka potulukira utsi, kapena kachipinda koyakira moto kakang'ambika ndi dzimbiri, carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo, amalowa m'kati. Alamu ya mpweya umenewu imakalamba, tsiku lake lothera linalembedwa kuseri. Mukagula kalavani yakale, tembenuzani muone musanagonemo.

2. Mahita a magetsi

*Mtengo.* Kugula ndi ndalama yochepa kwambiri pa njira zonse, madola makumi angapo. Ndipo musapusitsidwe ndi mahita okongola a m'mabokosi a matabwa amene amati "amasunga magetsi". Hita iliyonse ya 1,500 W imatulutsa kutentha kofanana, kaya ndi ya madola 30 kaya ya madola 300. Kusiyana kwake ndi phokoso ndi chitetezo basi. Ija yokhala ndi mafuta m'kati siichita phokoso ndipo siifiira, n'chifukwa chake ndimaikonda pogona.

Ndalama yeniyeni ili pa mita. Hita imodzi ikayaka usana ndi usiku imadya mayunitsi 36 patsiku, pamwezi 1,080. Awiri, chulukitsani kawiri. Malo ambiri oimikapo ma RV amene magetsi amakhala aulere m'chilimwe amayamba kuwerenga mita m'nyengo yozizira, choncho funsani mtengo wa yunitsi musanasaine. Ku Quebec ndi ku Manitoba, kumene magetsi ndi a madzi ndipo ndi otsika mtengo, masamu amenewa amakoma. Ku Alberta mitengo imakwera ndi kutsika, sungadalire za chaka chatha.

*Kupezeka.* Canadian Tire, Walmart, paliponse. Malire ali pa chingwe chimene chimalowa m'kalavani. Ya 30 amp imalandira 3,600 W zonse pamodzi. Mahita awiri atenga kale 3,000 W, ndiye mukayatsa ketulo kapena microwave, zonse phi! Ya 50 amp imafika 12,000 W, mpata ulipo. Kuti mufanane ndi kutentha kumene furnace imalowetsa m'kati mufunika mahita anayi, ndipo pa 30 amp zimenezo sizitheka. Makina a padenga aja amene amaziziritsa m'chilimwe n'kumatenthetsanso, kukangotsika kufika cha m'ma 4°C amasiya kuthandiza. Kuno ndi a mu Seputembala basi.

*Kusamalira.* Palibe, kupatula kupukuta fumbi ndi kugwira pulagi kawirikawiri kuti mumve ngati ikutentha.

*Zoopsa.* Pano ndiye ndili ndi chipsera. Disembala wanga woyamba nditaona mmene gasi akuthera, ndinazimitsa furnace n'kuyatsa mahita awiri. M'kati munali bwino zedi, ndinagona ndi T-sheti yokha ndikudzitama kuti ndatulukira nzeru. M'mawa kutsegula mpopi, zii. Furnace itazima, kunsi sikunkafikanso mpweya wotentha, madzi anaundana ndipo polumikizira paipi ina panang'ambika. Sabata yonse ndinkatunga madzi m'zigubu n'kumakasamba ku jimu. Ndinabwerera kumudzi osakwera ndege. Ngakhale musazimitse furnace, hita ya magetsi ikakhala pafupi ndi thermostat, kachipangizo koyeza kutentha kamene kamayatsa ndi kuzimitsa furnace, imakanamiza kuti kwatentha, furnace osayaka, mapeto ake n'chimodzimodzi.

Choopsa china ndi moto. Hita ya 1,500 W imakoka ma amp 12.5, pafupi kwambiri ndi malire a waya wa 15 amp, ndipo masoketi a m'makalavani ambiri waya wake amangopanikizidwa, samangidwa ndi sikuluu. Akatentha maola ambiri amasungunuka m'kati mwa khoma. Anthu odziwa amakoka chingwe chokhuthala chapadera kuchokera pa soketi ya 20 amp imene imakhala pa mzati wa magetsi panja. Ekisitenshoni yopyapyala ya pa TV iyayi.

Ndipo magetsi amathima ngakhale kuno. Madzulo a pa 13 Januwale 2024 mafoni onse mu Alberta analira nthawi imodzi, uthenga wa boma wopempha anthu kuzimitsa zinthu zosafunikira chifukwa magetsi anatsala pang'ono kuperewera. Ife ozolowera kuthimathima kwa kwathu tinaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Kwathu magetsi akathima umayatsa kandulo. Mu kalavani pa −40°C uli ndi ola limodzi kapena awiri chisanu chisanalowe m'mafupa.

3. Hita ya dizilo

Abale oyendetsa mathiraki amaidziwa bwino, ndi ija imatenthetsa pogona dalaivala injini itazima. Ndi kabokosi kotalika ngati mkono. Kapampu kamadonthezera dizilo, amayaka m'kachipinda kotseka, utsi umatulukira pansi kudzera m'kapaipi kachitsulo, ndipo fani imauzira mpweya wouma wotentha m'kati.

*Mtengo.* Zilipo za mitundu iwiri. Za ku Germany, Webasto ndi Eberspächer imene kuno imadziwika kuti Espar, zimapitirira madola 1,000 musanalipire woika. Zotengera za ku China zimene zadzaza pa Amazon zimakhala cha m'ma 200. Pa mafuta ndiye pamene imapambana. Ya 2 kW imamwa pafupifupi kota ya lita pa ola ikakhala pa moto waukulu, ya 5 kW pafupifupi theka la lita. Zambiri zotchipa zolembedwa 8 kW ndi zomwezija za 5 kW, anangosintha chomata. Batire imadya pang'ono: ma amp pafupifupi 10 kwa mphindi zochepa poyaka, kenako amodzi mpaka atatu. Batire limene furnace imalimaliza usiku umodzi, hita iyi imayenda nalo masiku angapo.

*Kupezeka.* Dizilo ali pa filing'i siteshoni iliyonse, ndipo kunyamula chigubu cha malita 20 n'kosavuta kuyerekeza ndi silinda. Chenjerani ndi dizilo wogula m'chilimwe. Kukazizira amachita phala, kapaipi kake kopyapyala kamatsekeka. Mafiling'i siteshoni a kuno amasintha okha n'kuyamba kugulitsa wa nyengo yozizira, choncho gulani wa nthawi yomweyo, kapena sakanizani ndi palafini. Kathanki ka malita 10 kamene kamabwera ndi hita ya 5 kW sikakwana tsiku lathunthu pa moto waukulu. Zipangizo zosinthira za Webasto ndi Espar mumazipeza m'magalaja a mathiraki. Za zotchipazo mumaitanitsa pa intaneti n'kudikira, ndiye anthu ambiri amangogula ziwiri, ina n'kusunga.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene imafuna munthu wokonda sipanala. Ikamayaka pa moto wochepa masiku ambiri imadzaza mwaye m'kati, kenako imayamba kufuka utsi woyera n'kukana kuyaka. Mankhwala ake ndi kuikweza pa moto waukulu kwa theka la ola kawirikawiri, ndi kuimasula kamodzi pachaka kuti muitsuke ndi kusintha glow plug (kachitsulo koyatsira dizilo) ndi kasefa kake. Musamaizimitse podula magetsi. Imafuna mphindi zingapo fani ikuzungulira kuti izizire, apo ayi za m'kati zimapsa. Kumapiri okwera kupitirira mamita 1,500 mpweya ndi wochepa, imafunika kuichuna kuti isachuluke mafuta. Kapampu kake kamalira kuti thi, thi, thi usiku wonse. Sabata yoyamba mumafuna kukaponya kutali, sabata yachitatu mumadzidzimuka kakasiya.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi ichi, ndipo ndachionapo ndi maso pa kalavani ya munthu wina: kapaipi ka utsi kuthera kunsi kwa kalavani imene yavekedwa siketi. Utsi wonse umaunjikana m'menemo n'kumakwera kudzera m'mipata ya pansi. Kapaipiko kayenera kutulukira kunja kwa siketi, kutali ndi zenera, pamalo okwera poti sinowo sangakakwirire. Kamatentha kwambiri, kakakhudza foam kamasungunula. Chachiwiri, zotchipa zambiri zilibe chizindikiro cha CSA, bungwe la kuno loyesa chitetezo cha katundu, ndipo moto ukabuka a inshuwalansi amayamba kufunsa zimenezo. Chachitatu, payokha siifika kumatanki. Ena amagawa paipi ya mpweya wotentha kuti nthambi ina ipite kunsi, ndipo zimathandiza, koma ndi ntchito yoti muganizire poika pomwe.

Ndikanena chilungamo, pa zonse zisanu iyi ndi imene ndinaikonda. Mawindo amene ankachucha madzi m'mawa uliwonse anauma, fungo la chuku m'kabati linachepa. Koma ndinaiona ngati yothandizira furnace, osati yolowa m'malo mwake.

4. Chitofu cha nkhuni

Ichi chimakoka mtima wa aliyense amene anakula akuotha moto. Timbaula tating'ono totere timapangidwa kuno komwe, monga Cubic Mini ya ku Quebec ndi Dickinson ya ku British Columbia, imene poyamba inkapangidwira maboti.

*Mtengo.* Chitofucho ndi madola mazana angapo, koma chumuni ya makhoma awiri, malata otchingira khoma ndi kuboola denga zimatha kufika pa mtengo womwewo. Nkhuni ndi zaulere ngati muli ndi nkhalango ndi macheka. Zogula m'timitolo ta pa filing'i siteshoni zimadula kuposa dizilo.

*Kupezeka.* Chisanafike chitofu, funsani eni malo ndi a inshuwalansi. Malo ambiri a ma RV salola, ndipo a inshuwalansi ambiri amakana kalavani yokhala ndi moto wa nkhuni, kapena amafuna chikalata cha woyendera zitofu za nkhuni wovomerezeka ndi bungwe la WETT. Ku Alberta n'koletsedwa kusunga kapena kunyamula nkhuni za mtengo wa elm chifukwa cha matenda a mitengoyo. Nkhuni zake ziyenera kukhala zouma chaka chathunthu ndi zoduladula tating'ono, chifukwa pakamwa pake ndi pochepa.

*Kusamalira.* Phulusa tsiku ndi tsiku, chumuni kusesa pafupipafupi chifukwa chumuni yaifupi imazizira msanga n'kumata mwaye wonga phula umene umayaka. Koma vuto lenileni ndi tulo. Kambaula kotere kamatha nkhuni pa ola limodzi kapena awiri. Mukagona 10 koloko, pofika 2 koloko kazima ndipo kalavani yazizira. Mukapita kuntchito maola 12, palibe wosonkhezera.

*Zoopsa.* Lawi lenileni m'chipinda cha mapulanga opyapyala ndi pulasitiki, chokhala ndi khomo limodzi. Kalavani ikagwira moto imatha m'mphindi zochepa. Kumbali yabwino, sichifuna magetsi kapena batire, chimaumitsa m'kati kuposa zonse, ndipo mutha kuphikapo tiyi. Kumapaipi a kunsi sichifikako n'komwe.

5. Kahita ka gasi kopanda chumuni

Kodziwika kwambiri ndi Buddy ka kampani ya Mr. Heater. Sindikhalitsapo, chifukwa sindikawerengera ngati njira yokhalira nyengo yonse.

*Mtengo ndi kupezeka.* N'kotchipa, kamapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo, sikafuna magetsi. Kabotolo ka gasi ka paundi imodzi kamatha m'maola atatu pa moto waukulu, ndipo timabotolo timeneti ndi gasi wodula kuposa wina aliyense.

*Kusamalira.* Kochepa, koma kamabweretsa ntchito ina. Kilogalamu imodzi ya propane ikayaka imatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka, ndipo popeza kalibe chumuni madzi onsewo amatsala m'kati. Amachucha m'mawindo, amaundana m'makona, amalowa pansi pa matiresi. Mukadzatukula matiresiwo mu Malichi mudzapeza chuku chakuda bii.

*Zoopsa.* Tonse tinamvapo za banja limene linalowetsa mbaula ya makala m'nyumba mu Juni kapena Julayi, n'kutseka mawindo, osadzukanso. Nkhani yake ndi yomweyi. Kahitaka kali ndi kachipangizo kozimitsa mpweya wabwino ukachepa, koma kameneko sikayeza carbon monoxide. Kayatseni muli maso, zenera lili lotsegula pang'ono, alamu ili ndi batire. Pogona kazime. Ntchito yake ndi ya tsiku limene zonse zafa, ndipo pa tsiku limenelo mudzakathokoza.

Za denga, mwachidule

Hita iliyonse imene mungasankhe, kutentha kothawira padenga kumasungunula sinowo wa pansi, usiku n'kuundananso, ayezi n'kumakankha polumikizira mpaka denga kudontha. Kulemera kwake nakonso si masewera. Denga la kalavani ya mamita 9 ndi pafupifupi masikweya mita 22. Sinowo wonyowa wa masentimita 30 pamenepo amatha kufika matani awiri. Wa ku Edmonton nthawi zambiri ndi wouma ndi wopepuka, koma ku Calgary mphepo yofunda ya chinook imamunyowetsa, ndipo kumapiri a British Columbia amagwa wolemera kale. Chotsani ndi tsache kapena chokokera cha pulasitiki muli pa makwerero. Fosholo yachitsulo imang'amba labala wa padenga. Zipinda zotuluka m'mbali zija ndiye zimafuna kusesa msanga kuposa pena paliponse.

Ndiye inuyo musankhe iti?

Ngati muli ndi banja ndipo mwapeza malo otsegula chaka chonse okhala ndi 50 amp, furnace ikhale mwini nyumba, thanki ya mapaundi 420 panja, hita imodzi kapena awiri a magetsi kuchipinda chogona kutali ndi thermostat. Onjezani paipi ya madzi yokhala ndi waya wotenthetsa, ndi makina ochotsa chinyezi, chifukwa anthu anayi opuma ndi kuphika nsima m'kachipinda kotere amatulutsa nthunzi yambiri. Mavalavu a matanki a madzi oipa azikhala otseka, muzitsegula pokhuthula pokha, kuopa kuti paipi yotayira ingaundane.

Ngati muli nokha ndipo mumagwira mashifiti a usiku kapena a maola 12, mukufuna chinthu chodziyatsa chokha inu kulibe. Furnace pa thermostat, yotsitsidwa koma yosazimitsidwa. Nkhuni ndi Buddy ziiwaleni. Hita ya magetsi musaisiye ikuyaka m'nyumba mopanda munthu.

Ngati malo anu ndi a 30 amp ndipo gasi akukumalizani, apa ndi pamene hita ya dizilo imabweza ndalama yake. Iziotha inu, furnace izingoyaka mwa apo ndi apo chifukwa cha matanki. Ikani kathemomita kopanda waya kunsi kwa siketi kuti muziona nambala muli m'kati. Ikayandikira 0°C, kwezani furnace.

Ngati mnzanu wakupatsani malo pafamu yake ndipo magetsi ndi a chingwe chimodzi chochokera m'galaja, musalimbane ndi madzi a m'mapaipi. Khuthulani matanki onse, thirani antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) wa pinki wa ma RV, osati wa galimoto amene ndi poizoni, n'kumagwiritsa ntchito zigubu mpaka Epulo. Mukatero funso la kunsi latha, ndipo hita ya dizilo ya 5 kW ikukwanirani. Chimodzimodzi amene mukukhala mu vani, kungoti inu ya 2 kW ndi yabwino kuposa yaikulu, chifukwa yaikulu m'malo ochepa imangokhalira pa moto wochepa n'kudzaza mwaye. Dziwaninso kuti malamulo a mizinda salola kukhazikika m'mphepete mwa msewu.

Chitofu cha nkhuni ndi cha munthu amene ali pamalo akeake, amakhala pakhomo tsiku lonse, ndipo wagwirizana kale ndi a inshuwalansi. Ngakhale iyeyo afunika dizilo wa usiku.

Ngati muli ndi khanda, kapena ndalama yanu ikungokwana kalavani yokha popanda siketi, thanki ndi ma alamu, pezani chipinda cha lendi mpaka Epulo, kalavaniyo mudzalowemo kukafunda. Amene ntchito yawo imalola kusamuka amatsikira ku Vancouver Island kapena ku Osoyoos, kumene kuzizira kwake n'kopiririka, ngakhale kuti kuchilumbako mudzalimbana ndi mvula ndi chuku m'malo mwa ayezi. Ndipo kulikonse kumene mungasankhe, yambani kufunsa malo mu Ogasiti. Malo ambiri a ma RV ku Alberta amatseka madzi ikangodutsa Thanksgiving, Lolemba lachiwiri la Okutobala, ndipo ochepa amene amatsegula nyengo yonse amakhala atadzaza kale ndi anthu ogwira ntchito za mafuta ndi zomangamanga.